Zaka zosemphana mu The Witcher: zomwe ndapeza

Sabata yatha ndinafunsa kuti, pamene masewero a pakompyuta a The Witcher akusemphana ndi mabuku a Andrzej Sapkowski pa kawerengedwe ka zaka, tikhulupirire ziti. Funsoli linabuka titatsutsana mpaka usiku ndi alamu anga kwawo ku Chilomoni, magetsi atatithimira masewero ali mkati.

Ndabwereranso ku mabuku aja. M'nkhaniyi, nkhondo ya ku Brenna, ya kumapeto kwa nkhondo yaikulu, inachitika mu 1268, chaka chomwenso Geralt, ngwazi ya nkhaniyi, anabayidwa ndi chifoloko cha kumunda ku Rivia. Koma masewero oyamba, amene kampani ya CD Projekt Red inatulutsa mu 2007, amayambira mu 1270 n'kumanena kuti papita zaka zisanu chithereni nkhondo yaikulu, chonsecho powerengera ndi ziwiri zokha. Alamu amati mabuku ndiwo osokonekera, koma ine ndikuona kuti anaphonya ndi opanga masewero, pakuti buku lotsekera nkhaniyi linatuluka mu 1999, ndipo mlembi mwiniwake ananenapo kuti masewerowa sapitiriza nkhani yake.

Izi sizikuchepetsa chikondi changa pa masewerowa ngakhale pang'ono. Loweruka ndipita nalo bukulo ku Chilomoni, tsamba lake ndalipinda kale pakona.