Ma penguin a ku Cape Town amapirira bwanji dzuwa?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeniko. Ndimaphunzitsa sayansi pa pulayimale ina kuno ku Nsanje, ndipo sabata yamawa tikambirana za mbalame zosauluka. Za ma penguin a ku Antarctica ndilibe nazo vuto. Mapiko awo ndi opalasira m'madzi, mafupa ndi olemera kuti azimira bwino posaka nsomba, ndipo pansi pa khungu pali mafuta ochindikala otchinga chisanu. Pa mtundu wa emperor, yaimuna ndiyo imafungatira dzira pamapazi pafupifupi miyezi iwiri osadya kanthu.

Pandivuta ndi pa ma penguin a ku Boulders Beach pafupi ndi Cape Town, ndi a ku Namibia. Ana a kuno ku Chigwa, oti dzuwa la Okutobala amalidziwa bwino, adzandipanikiza: mbalame yamafuta chonchi ingakhale bwanji mu Africa osapsa? Ndikudziwa kuti madzi a Benguela, oyenda m'nyanja m'mbali mwa gombe la Namibia ndi la kumadzulo kwa South Africa, ndi ozizira, komanso kakhungu kofiirira pamwamba pa maso kamathandiza kutulutsa kutentha. Nanga masana zikakhala kumtunda, zimathawira m'mauna momwe zimaikira mazira, kapena zimangobwerera m'nyanja?

Abale amene muli ku Cape Town, amene munaziona ndi maso, tiuzeniko. Kavidiyo kakafupi ka pa WhatsApp kangatithandizenso, poti intaneti kuno ndi yovuta.