Magetsi a polisi akayaka kumbuyo kwako: zokambirana pagulu lathu la a Malawi okhala ku America

Mayi a Tadala (South Bend): Mwaswera bwanji nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso. Mwana wa achimwene anga, uja anabwera chaka chatha, watenga laisensi ndipo Lolemba akuyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Elkhart. Aziweruka 11 koloko usiku, yekhayekha m'galimoto. Ine ndimayenda pabasi, za apolisi apamsewu akuno sindizidziwa. Ndimuuze chiyani? Mtima suli m'malo.

Phiri wa thiraki (Indianapolis): Taswera mayi. Choyamba, ndipo mumuuze kawiri: asatuluke m'galimoto. Kwathu wa trafiki akakuimitsa umatuluka, n'kumupitira bwanayo ndi laisensi m'manja, ndiye ulemu wake. Kuno ukatsegula chitseko iye amaona ngati ukubwera kudzamenyana naye, ndipo dzanja lake limakhala lafika kale pamfuti. Dziko lino mfuti zili ndi anthu wamba ambirimbiri, choncho wapolisi amayandikira galimoto iliyonse akuganiza kuti muli mfuti.

Akaona magetsi kumbuyo, ayatse siginolo, apatukire kumanja pamalo owala, azimitse injini, atsitse galasi, ayatse nyali yam'kati ngati ndi usiku. Manja onse awiri pachiwongolero, poonekera. Asayambe kufufuza mapepala wapolisi asanafike, chifukwa kumbuyoko iye amangoona munthu akuwerama. Akapemphedwa laisensi ndi inshulansi, anene kaye pamene zili, kuti zili m'thumba lakumbuyo kapena m'kabokosi kakutsogolo, adikire ayankhidwe, kenako atenge pang'onopang'ono. Ine ndimasunga zanga pakabolodi kotchinga dzuwa kaja, kuti dzanja lizikwera m'mwamba osati kutsika.

Nambewe (Maryland): Ndiwonjezere, za "ya fanta" aziiwale kotheratu. Ngakhale kungoyerekeza. Kuno ndi mlandu waukulu wa ziphuphu, amakukwidzinga unyolo pomwepo, ndipo mapepala ako okhalira muno akhoza kuthera pamenepo.

Mayi a Tadala (South Bend): Nanga akamuuza okha kuti atuluke?

Anachisale (Seattle): Atuluke, anti. Ine si loya, koma ndimagwira ntchito paofesi ya maloya othandiza anthu obwera, ndiye izi ndimazimva tsiku ndi tsiku. Khothi lalikulu la dziko lino linagamula mu 1977, pamlandu wa Pennsylvania v. Mimms, kuti wapolisi akakuimitsa movomerezeka ali ndi mphamvu yokutulutsa m'galimoto. Pamenepo palibe chokanira. Laisensi ndi mapepala a galimoto nazonso ayenera kupereka.

Koma pali zina zomwe angakane, ndipo ufulu umenewu si wa nzika zokha, ndi wa munthu aliyense amene ali muno. Akafunsidwa kuti "ukuchokera kuti, unabadwira kuti, ukudziwa chifukwa chake ndakuimitsa?" sakukakamizidwa kuyankha. Apolisi akapempha kuchita chipikisheni m'galimoto, anene kuti "I do not consent to a search," kutanthauza kuti sindikuvomereza chipikisheni. Mwina achitabe chipikishenicho. Asawatchinge, asawagwire, angobwereza mawuwo modekha, chifukwa loya adzawagwiritsa ntchito kukhothi. Foni yake apolisi sangaitsegule popanda walanti, imeneyo inagamulidwa mu 2014. Akamaliza kulemba tikiti afunse kuti "Am I free to go?" kutanthauza kuti kodi ndingathe kupita. Akati eya, azipita.

Ngati amumanga, mawu ndi awiri okha: "I am going to remain silent. I want a lawyer." Kutanthauza kuti ndikhala chete, ndikufuna loya. Awanene mokweza. Kungokhala duu sikokwanira, khothi linanena mu 2010 kuti munthu ayenera kutchula yekha kuti akugwiritsa ntchito ufulu wokhala chete. Akatero atsekedi pakamwa, ngakhale amunyengerere bwanji.

Chikondi (Dallas): Zonsezi ndi zoona, koma tisamuopseze mwanayo. Ine ndimayendetsa Uber usiku, andiimitsapo, ndipo akangomva Chingerezi changa amafunsa kuti ndine wakuti, n'kumaseka nane. Mavuto aja ali pakati pa apolisi ndi anthu akuda obadwira konkuno. Ife a ku Africa amadziwa kuti tinabwerera ntchito.

Amalume a ku Michigan: Chikondi mwanawe, ndikuyankhe ine, chifukwa maganizo amenewo ndi amene amandisowetsa tulo.

Pa 4 April 2022, kuno ku Grand Rapids, wapolisi anaimitsa mnyamata wa zaka 26 dzina lake Patrick Lyoya chifukwa nambala ya galimoto sinkagwirizana ndi galimotoyo. Patrick anali wa ku Congo. Banja lake linathawa nkhondo, linakhala zaka zambiri kukampu ya othawa nkhondo kwathu ku Malawi, n'kubwera kuno mu 2014. Mwana woti anamwa madzi akwathu. Ataimitsidwa anatuluka m'galimoto, wapolisi akukuwa kuti abwereremo. Anamufunsa ngati amalankhula Chingerezi. Kenako Patrick anayesa kuthawa, anagwirana, analimbirana taser (chida cha apolisi chofoola munthu ndi magetsi), ndipo pomaliza wapolisiyo, Christopher Schurr, atamukhalira pamsana Patrick ali chafufumimba, anamuwombera kunkhongo. Kuchokera ku South Bend kwanuko, mayi a Tadala, ndi ulendo wa maola awiri okha pagalimoto. Schurr anaimbidwa mlandu wakupha. Mu May 2025 anthu oweruza mlanduwo analephera kugwirizana chimodzi, ndipo woimira boma ananena kuti sauyambiranso.

Ndiye usandiuze kuti kalankhulidwe kako kadzakupulumutsa. Amadou Diallo anali wa ku Guinea, wogulitsa tinthu mumsewu ku New York. Mu February 1999 anaima pakhomo la nyumba yomwe ankakhala ku Bronx, anapisa m'thumba kutulutsa chikwama, apolisi anayi anawombera zipolopolo 41, ndipo 19 zinamulasa. Analibe chida chilichonse. Onse anayi anapezeka osalakwa. Usiku, pagalasi la galimoto, palibe amene amaona pasipoti yako. Amaona khungu.

Chikondi (Dallas): Za Patrick kuti anakhalako kwathu sindinkazidziwa. Zandikhudza, amalume.

Nambewe (Maryland): Ine chimene chimandiwawa n'chakuti ngakhale uchite zonse bwinobwino ukhoza kufabe. Philando Castile, ku Minnesota mu July 2016. Anaima, anapereka pepala la inshulansi, ananena mwaulemu kuti ali ndi mfuti, ndipo chilolezo chake anali nacho. Pasanathe masekondi angapo anawomberedwa, mnzake wamkazi ali pambali, kamwana ka zaka zinayi kali kumpando wakumbuyo. Wapolisiyo khothi linamumasula. Ndili ndi anyamata awiri, wina 17 wina 14. Ndimawaphunzitsa kuika manja pachiwongolero, koma mumtima ndimadzifunsa kuti bwanji mwana ndi amene aziphunzira kudekha, pamene wamkulu wonyamula mfuti, wolandira malipiro, amaloledwa kunena kuti anachita mantha?

Anachisale (Seattle): Achemwali, funso lanu lili ndi yankho m'malamulo mwenimwenimo, ndipo si losangalatsa. Mu 1985, pamlandu wa Tennessee v. Garner, khothi linati wapolisi sangawombere munthu chifukwa choti akuthawa basi, pokhapokha ali ndi chifukwa chokwanira chokhulupirira kuti munthuyo aphetsa kapena avulaza ena kwambiri. Mlanduwo unachokera pa mnyamata wa zaka 15 amene anawomberedwa ku Memphis akukwera mpanda. Koma mu 1989, pa Graham v. Connor, khothi lomwelo linati nkhani iziweruzidwa poyang'ana momwe wapolisi woganiza bwino akanaonera zinthu pamalopo, panthawiyo, osati momwe tikuonera ife titakhala pansi. Ndiye loya wa wapolisi amangofunika kuonetsa kuti dzanja lako linayenda mwadzidzidzi. N'chifukwa chake a Phiri akulimbikira za manja.

Nyuzipepala ya Washington Post inayamba kuwerenga mu 2015 anthu owomberedwa ndi apolisi mpaka kufa, ndipo chaka chilichonse ankakwana 1,000 kapena kuyandikira pamenepo. Azungu ndi ambiri pachiwerengero chonse, koma mukayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, wakuda amaphedwa kuposa kawiri poyerekeza ndi mzungu.

Phiri wa thiraki (Indianapolis): Ine sindikunena kuti zimenezi ndi chilungamo, Nambewe. Si chilungamo. Ndikungofuna mwanayo afike kunyumba, mkangano tikaupange kukhothi tonse masana. Tikiti asayine, kusayina sikutanthauza kuti wavomera mlandu, ndi lonjezo chabe lakuti adzalipira kapena adzaonekera kukhothi. Tsiku la kukhothi asaliphonye, chifukwa nkhani yaing'ono imakula, laisensi amaiimitsa, ndipo milandu ina amatulutsa walanti. Ndiye tsiku lina amuimitsa chifukwa cha nyali yakumbuyo, n'kugona m'chitokosi.

Ndipo nyalizo aziziyendera Lamlungu lililonse. Mabuleki, siginolo, kanyali ka panambala, sitika ya panambala. Zambiri zimayambira pamenepo. Galimoto yobwereka kwa mnzake aziyamba waona ngati nambala ndi mapepala zikugwirizana.

Amalume a ku Michigan: Chinanso cha kwathu: kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu. Ife ndi ulemu. Wapolisi wakuno amati ukubisa kanthu kapena waledzera. Amuyang'ane kumaso, ayankhe mwachidule. Ngati sanamve, anene kuti sanamve, asangogwedeza mutu n'kumati yes yes. Anthu athu ambiri amavomera chipikisheni osadziwa n'komwe kuti afunsidwa.

Mayi a Tadala (South Bend): Ndikulemba zonse. Za kujambula pafoni bwanji? Ndimaona anthu akujambula.

Nambewe (Maryland): Kujambula apolisi pamalo a aliyense n'kololedwa, bola osawasokoneza ntchito ndipo ngati uli wongoonerera utalikire. Pakanapanda mtsikana wa zaka 17 uja anajambula imfa ya George Floyd ku Minneapolis mu May 2020, Derek Chauvin, wapolisi amene anamupha, sakanalandira zaka 22 ndi theka za kundende. Chikalata choyamba cha apolisi chinkangonena kuti munthuyo anadwala mwadzidzidzi. Ndipo musadalire kamera yapachifuwa ya wapolisi. Kwanu komweko ku South Bend, Eric Logan atawomberedwa mu June 2019, kamera ya wapolisiyo inali yosayatsa. Koma foni ikhale pachoikira chake padashibodi, ayiyatse asanaime. Asapise m'thumba kuitenga wapolisi ali pawindo. Ana anga ndinawagulira dashcam, kamera ya m'galimoto, si yodula.

Anachisale (Seattle): Ndibwerere ku mapepala, chifukwa ife tili ndi katundu wina amene obadwira kuno alibe. Asanamepo kuti ndi nzika ya America, kwa wapolisi kapena pafomu iliyonse. Bodza limeneli likhoza kumutsekera green card, chilolezo chokhazikika muno, moyo wake wonse. Kukhala chete n'kololedwa, kunama ayi. Mapepala achinyengo asayende nawo. Amene muli ndi green card ndipo mwakwana zaka 18, lamulo limati muziyenda nayo.

Chamba: ku Michigan ndi ku Illinois amagulitsa m'sitolo, ku Indiana n'choletsedwa, ndipo ku boma lalikulu la dziko lonse chikadali mlandu kulikonse. A immigration amatsata lamulo la boma lalikululo. Kwa ife ngakhale kungovomera pakamwa kuti ndimasuta kukhoza kuwononga mapepala. Mnzake asasiye kanthu m'galimoto mwake.

Akamangidwa pamlandu wa upandu, boma limapereka loya waulere ngati alibe ndalama, ndipo loyayo ayenera kumuuza ngati kuvomera mlanduwo kungamubwezetse kumudzi. Asavomere mlandu uliwonse, ngakhale wooneka waung'ono, asanafunse funso limeneli. Ku khothi la immigration ndiye loya waulere kulibe, umadzipezera wekha. Alinso ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wathu ku Washington idziwitsidwe. Pepala lililonse limene sakulimvetsa asasayine, kupatula tikiti ija.

Chikondi (Dallas): Nanga apolisi kapena a immigration akabwera kunyumba? Anzanga ena amakhala asanu m'nyumba imodzi, ena mapepala ali bwino ena ayi.

Anachisale (Seattle): Musatsegule. Lankhulani chitseko chili chotseka, muwapemphe alowetse walanti pansi pachitseko kapena aonetse pawindo. Muyang'ane ngati yasayinidwa ndi jaji komanso ngati adiresi ndi yanu. Pepala la ICE (apolisi a immigration) losayinidwa ndi ofisala wawo yemwe silipereka mphamvu yolowa m'nyumba popanda chilolezo chanu. Akathyola n'kulowa, musalimbane nawo, nenani kuti simukuvomereza, manja poonekera. Anawo muwaphunzitse, chifukwa nthawi zambiri amathamangira kuchitseko ndi ana.

Amalume a ku Michigan: Pali chimodzi chomwe sitikonda kuchikamba. Ena mwa ife mutu umasokonekera kuno, ndi kusungulumwa, ngongole, mashifiti awiriawiri. M'bale wanu akafika pamenepo, ganizani kawiri musanaimbe 911, nambala yoitanira apolisi ndi ambulansi. Alfred Olango, wa ku Uganda, anaphedwa ku El Cajon ku California mu September 2016 mchemwali wake ataitana thandizo chifukwa sankaoneka bwino m'maganizo. M'manja anali ndi kachipangizo kosutira fodya. Kuyambira 2022 pali nambala ya 988 ya mavuto a maganizo, yambani ndi imeneyo ngati palibe amene moyo wake uli pachiswe. Mukaimbabe 911, nenani momveka kuti ndi wodwala, alibe chida, mukufuna ambulansi, ndipo musamusiye yekha. Ndipo tiimbirane ifenso. Amene ali pafupi athamangireko.

Phiri wa thiraki (Indianapolis): Mayi a Tadala, Loweruka ndikudutsa pa South Bend ndi katundu wa ku Chicago. Ndili ndi ola limodzi. Mnyamatayo abwere ndi galimoto yake, tiyendere nyali zonse, kenako ine ndiime pawindo ngati wapolisi, iye ayeserere mpaka manja azolowere.

Mayi a Tadala (South Bend): Ambuye akudalitseni achimwene, mudzapeza nsima. Anachisale, mawu a Chingerezi aja munditumizire paokha, ndiwalembe pakapepala amate padashibodi.

Anachisale (Seattle): Ndatumiza kuinbox, anti. Aloweze pamtima nambala yanu ya foni, chifukwa akamumanga foni yake amalanda. Ndipo ngati wapolisi wamuchita zosayenera, akangofika kunyumba alembe nthawi, malo, dzina kapena nambala ya baji ndi nambala ya galimoto ya polisiyo, mabala ajambule, kenako mundiimbire tione kokadandaula.

Nambewe (Maryland): A Phiri, mukamayeserera Lowerukalo mujambule kavidiyo muponye pano. Wanga wa zaka 17 akukayesedwa laisensi mwezi wamawa.