Zimbale za jungle zodindidwanso: ndigule kapena ndidikire zakale?

Mabesi94: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimatolera zimbale za vinyl za nyimbo zovina za jungle za ku London, makamaka za pakati pa 1992 ndi 1995, za makampani a Reinforced, Moving Shadow ndi Suburban Base. Zimene ndimazifunitsitsa ndi ma white label, zimbale zija za chizindikiro choyera chabe zimene zinadindidwa zochepa, koma mitengo yake pa Discogs, msika wa zimbale wa pa intaneti, ndi yoboola m'thumba. Pano zambiri zikudindidwanso. Kodi zimamveka ngati zakale? Ine ndimafuna besi yogwedeza pachifuwa, komanso ng'oma za Amen, zija zotchuka zimene zimamveka m'nyimbo zambiri za jungle, zilire bwinobwino.

SinganoYakale: Achimwene, musanatulutse ndalama funsani kaye kuti nyimboyo aitenga pati. Anyamata a nthawi imeneyo ankapangira nyimbo m'zipinda zogona, pa kompyuta ya Amiga kapena pa makina ojambula tizidutswa ta mawu (sampler) a Akai S950, akamaliza n'kujambula pa tepi ya DAT. Tepiyo ikapezeka ili bwino, chimbale chatsopano chikhoza kumveka bwino kuposa chakale, chifukwa zambiri zakale zinaperepeseka ndi singano m'manja mwa ma DJ. Koma matepi ena anatayika, ena anawonongeka. Zikatero amajambula kuchokera pa chimbale chakale n'kuchotsa phokoso pa kompyuta, ndipo khutu limadziwa, kulira kwa ng'oma ya snare kumazilala. Muonenso kuchuluka kwa nyimbo mbali imodzi. Akapanikiza zitatu, mizere imachepa ndipo mawu amatsika. Imodzi yokha pa liwiro la 45 (chimbale kuzungulira ka 45 pa mphindi) ndiye mumva besi mukufunayo.

Kachere_DJ: Ine zakale ndimazikondabe. Mainjiniya ena amakono amakweza mawu mopitirira mpaka ukali uja wa 1993 kutha, nyimbo n'kusalala kwambiri. Jungle sinali yosalala ayi.

NaPhiri160: A Mabesi, pali zina zimene simungazipeze zakale ngakhale mutakhala ndi ndalama zotani, poti sizinatulukepo n'komwe. Zinkadulidwa pa dubplate, chimbale chapadera cha DJ chosachedwa kuperepeseka, ku situdiyo ya Music House, DJ n'kumaziimba pa wailesi ya Kool FM kapena kumadansi, chimbalecho n'kutha, nyimbo n'kuzimirira. Kampani ya Deep Jungle, ya DJ Harmony, ndiyo yakhala ikufukula zoterezi m'matepi a eni ake n'kuzitulutsa koyamba pa vinyl. Kniteforce ya Luna-C nayonso yadindanso zambiri za hardcore (nyimbo zimene jungle inachokerako) ndi jungle yoyambirira.

Chimene chimandikhudza mtima ine n'chakuti mukagula chakale kwa wogulitsa, amene anapanga nyimboyo salandirapo kanthu. Mukagula chodindidwanso mwachilolezo, naye amapezapo kangachepe, pamene ambiri mwa iwo sanadyerere thukuta lawo nthawi ija. Mungosamala ndi zakuba. Chimbale chopanda dzina la kampani, chosanena amene anapereka chilolezo, chisiyeni.

Mabesi94: Zikomo nonse. A SinganoYakale, nanga ndingadziwe bwanji ndisanagule kuti achokera pa DAT?

SinganoYakale: Makampani oona mtima amalemba okha pofotokoza chimbalecho. Akapanda kulemba, alembereni muwafunse, ambiri ndi ang'onoang'ono ndipo amayankha eni ake. Mumverenso kachidutswa kamene amaika pa intaneti, makamaka poyambira pamene ng'oma zisanalowe. Mukamva kuthetheka pamenepo, dziwani kuti mwina ajambula pa chimbale chakale.