Mayi woyembekezera wosadya nyama akayamba kuilakalaka, timulangize zotani?

Anzanga odziwa za kadyedwe, ndithandizeni nzeru. Mayi woyembekezera amafunika ayironi wokwana 27 mg patsiku, koma wa mu nyemba ndi masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa mu nyama. Tiyi, khofi ndi kashiamu zimamutchinga, pomwe vitamini C amathandiza.

Tsono mayi wotereyu akafika miyezi 7, Hb (mlingo wa magazi m'thupi) yatsika pansi pa 11, nyama akuilakalaka usana ndi usiku, kodi tinene kuti ndi kuchepa kwa ayironi basi, kapena ayezetse kaye ferritin (mlingo wa ayironi wosungidwa m'thupi) ndi vitamini B12? Vuto lina ndi mapiritsi a ayironi a 60 mg: ambiri amadzimbidwa nawo, ena nseru, mpaka amawasiya. Kodi kumwa modumphitsa tsiku kumakwezabe magazi mokwanira nthawi yobereka isanakwane? Kumukakamiza nyama pomwe njira ina ilipo, ine sindikugwirizana nako.