Kodi kuloleza alendo kukhala maliseche kungatibweretsere madola?

Mwana wa ku Chulu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayiko ena odalira alendo ali ndi malo amene anthu amaloledwa kusambira ndi kuwothera dzuwa ali maliseche, ndipo amalipira ndalama zakunja. Kuno madola akusowa, fodya yekha sakutikwanira. Boma litati lisinthe lamulo, nkhalango ya Kasungu kapena kunyanja kungapindule? Za chikhalidwe tikambe tsiku lina, lero ndikufunsa za ndalama basi.

Wa ku Kamwendo:
Achimwene, funso lanu si lachibwana, chifukwa lamulo la kavalidwe linakhudzapo kale alendo m'dziko muno. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo. Amuna a tsitsi lalitali nawo ankametedwa polowa m'dziko. Mlendo wamkazi wochokera ku Chipata akafika pachipata cha Mchinji ankayamba wamangirira chitenje. Lamuloli linathetsedwa mu 1993.

Koma kuchotsa lamulo limene limathamangitsa alendo onse ndi nkhani ina, kupanga lamulo loitana kagulu kochepa ndi inanso. Choyambacho chinalibe mtengo. Chachiwirichi chimafuna kusintha Penal Code, buku la malamulo a milandu, imene imaletsa kudzionetsa maliseche pagulu, kenako khonsolo ipange malamulo ake onena malire a malowo, zikwangwani, kuletsa kujambula ndi nkhani ya ana. Ndipo lamulo likasintha anthu sasinthira pomwepo. Mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 20 thalauzi litaloledwa, mavenda ankavulabe amayi ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Nachisale wa pa Santhe:
Ndalama zilipo, koma zimalowera pakhomo lina, osati limene mukuganiza, bambo. Gombe longololeza anthu kuvula silibweretsa kanthu. Munthu amabwera ndi thawulo ndi botolo la madzi, madzulo n'kumapita. Kumene anapindula ndi kumene anamanga malo otchingidwa, ogonamo, odyeramo ndi ogulamo zinthu: Koversada ku Croatia, yotsegulidwa mu 1961, kapena Cap d'Agde ku France, komwe kuli mashopu ndi nyumba zogona mkati mwenimwenimo. Chinsinsi chawo ndi mtunda. Mjeremani amakweza banja m'galimoto, tsiku lomwelo wafika ku Croatia, ndipo amabwerako chaka ndi chaka. Wofuna kufika ku Malawi akwere ndege yosinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, atsike pa Kamuzu International Airport, ayambenso ulendo wapamsewu.

Tiyeni tiwerengere chitsanzo chongoyerekeza. Loji ya zipinda 20, chipinda $80 usiku umodzi, yodzaza magawo 40 pa 100 chaka chonse. Zipinda 20 kuchulukitsa ndi masiku 365, n'kutengapo magawo 40, tipeza mausiku olipiridwa 2,920. Kuchulukitsa ndi $80 ndi $233,600 pachaka. Msonkho wa zokopa alendo (levy), wa 1 peresenti, ndi $2,336 yokha. Pa zotsalazo chotsani za kampani yakunja imene inagulitsa ulendowo, za vinyo ndi tchizi zochokera ku South Africa, za dizilo wa jenereta magetsi akazima. Nthawi zambiri mlendo amalipiriratu kwawo, ndiye madola ena safika n'komwe m'mabanki athu.

Choipa china ndi mpanda womwewo. Mlendo wamba amatuluka, amagula ziboliboli, amakwera kabaza, amadya chambo pamsika. Wa m'malo otchingidwa satuluka kawirikawiri, ndipo wogulitsa zinthu saloledwa kulowa. Amene amapeza phindu ndi olembedwa ntchito ndi mlimi wopereka tomato ndi mazira, basi.

Mkulu wa ku Lisasadzi:
Za Kasungu ingoziiwalani. Kunkhalango kuli kashembe, ndipo kashembe amapereka matenda a kaodzera. Alendo amauzidwa kuvala malaya a manja aatali, osakhala akuda kapena abuluu chifukwa mitundu imeneyo imamuitana. Ndiye wopanda chovala angathe ola limodzi? Padamu la Lifupa pali mvuu, sipasambidwa. Madzulo udzudzu, ndipo mu Juni ndi Julaye, nthawi imene alendo amachuluka, m'mawa kumazizira zedi.

Chimene nkhalangoyi ikugulitsa ndi nyama. Mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ndalama yoyamba ipite ku waya wamagetsi, chifukwa njovu zikumatuluka n'kukawononga minda ya anthu kumbali ya kuno ndi ya Zambia yomwe, kenako misewu ya mkati imene imavuta dzinja. Alendo ambiri amangodutsa pa Mchinji kulowera kunkhalango ya South Luangwa ku Zambia. Mutawakhotetsa ena mwa iwo kuti agone masiku awiri ku Kasungu, mwapeza zambiri kuposa za malisechezi.

Wa ku Kamwendo:
Mayi Nachisale, masamu anu ndawalandira, koma pali ndalama ina imene simunaiwerenge, yotayika. Gombe la nyanja yathu si lopanda mwini. Pa Chembe, ku Cape Maclear, pamene mlendo wagona pamchenga mpamene amayi akutsuka mbale, asodzi akusoka chilimira, usipa uli pathandala. Kuti mutchinge malo muyenera kuchotsa anthu padooko lawo, ndipo amfumu akangokana nkhani yathera pomwepo. Kwathu kuno wopezeka mbulanda m'mawa amati ndi mfiti yagwa m'lichero kapena wazungulira mutu. Onjezani alendo amene tili nawo kale: misonkhano ya boma ndi mabungwe ku Mangochi ndi Salima, magulu a mipingo, mabanja a Khirisimasi. Amenewa ndi amene amadzaza zipinda, ndipo akamva mbiri yotere asamukira kwina.

Ku South Africa anayesa. Mu 2014 khonsolo inavomereza kuti anthu azikhala maliseche pagombe la Mpenjati ku KwaZulu-Natal, mipingo ndi anthu ozungulira anadandaula, ndipo mu 2017 Public Protector, wofufuza madandaulo a anthu pa ntchito za boma, anapeza kuti ndondomeko sinatsatidwe bwino. Amene angayike ndalama zake podalira chilolezo chotere akhoza kungotsala manja ali m'khosi.

Mwana wa ku Chulu:
Zikomo nonse. Nanga chilumba chopanda mudzi, ngati Mumbo, sichingathetse vuto la dooko?

Nachisale wa pa Santhe:
La dooko lingathe, koma Mumbo ili mkati mwa Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linailemba mu 1984 pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse, ndiye simungamangepo zipinda zambirimbiri. Chilichonse, kuyambira gasi mpaka mchere, chimawoloka pa boti. Zipinda zikachepa mtengo uyenera kukwera kwambiri, ndipo wolipira mtengo wotero amabwera kale pachilumbapo atavala kabudula wake.