Achimwene akufuna kusiya mankhwala a matenda a maganizo, titani abale?

wa_ku_Santhe:
Abale ndigawireniko nzeru. Achimwene anga anadwala chaka chatha, ankamva mawu a anthu oti palibe, usiku osagona ati pali anthu akuwalonda, mpaka tinawatengera kuchipatala. Anawapatsa chlorpromazine wa usiku ndi haloperidol. Zinasintha ndithu, pano amacheza bwinobwino, amadya, ana sakuwathawanso. Koma thupi lawo lauma, akamayenda manja sagwedeza, amanjenjemera ngati nkhalamba, dovu kumangotuluka, nde m'mawa kuti adzuke ndi nkhondo pomwe ino ndi nyengo yothyola fodya kuchigafa kukufunika manja. Iwo akuti achira basi asiye. Amayi nawo akuti mankhwalawa ndi amene akuwapundula bola tipite nawo kwa asing'anga. Ine ndili pakati. Akasiya chingachitike n'chani?

Nachisale_nesi:
Pepani achimwene ndi zimenezi. Choyamba asasiye okha chonde. Kuchira mukukuonako ndi mankhwalawo akugwira ntchito, ndipo munthu amene wadwala koyamba malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati apitirize kumwa kwa miyezi yosachepera 7 mpaka 12 zizindikiro zitatha, amene anadwalapo kangapo ndi zaka zambiri. Chimene chimapusitsa anthu n'choti akasiya sabata yoyamba amaoneka bwino kuposa kale, thupi lamasuka, tulo tachepa, aliyense pakhomo n'kumati mwaona anali mankhwala aja. Kenako pakapita masabata kapena miyezi mawu aja amabweranso, nthawi zina moposa poyamba.

Kuuma thupi, kunjenjemera ndi dovu zimadziwika, makamaka kwa haloperidol, ndipo zili ndi chochita. Bwererani nawo kuchipatala ndi kabuku kawo osadikira tsiku lomwe analemberedwa, mufunse a nesi kapena adokotala oona za matenda a maganizo. Angathe kuchepetsa mlingo, kuwasiyira mtundu umodzi m'malo mwa iwiri, kusintha kupita kwa wina ngati risperidone akakhalapo, kapena kuwonjezera benzhexol amene ambiri amangoti Artane, uyu amamasula thupi. Koma Artane musakagule nokha pamsika, naye ali ndi zake, amaumitsa kukamwa, kudzimbidwa, ena maso kuchita chidima.

Za tulo afunse ngati angamamwe mofulumirirako madzulo. Ndipo poti mwati ali ku fodya, chlorpromazine amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, avale chipewa ndi malaya a manja aatali, amwe madzi ambiri, podzuka ayambe akhala kaye tsonga pa mphasa chifukwa amabweretsa chizungulire munthu akadzambatuka.

Izi ziwiri zokha musazengereze nazo ngakhale usiku. Khosi likapindika, maso kutembenukira m'mwamba, lilime kutuluka, thamangirani kuchipatala, zimaopsa kuona koma pali mankhwala omasula msanga. Chachiwiri choopsa kwambiri ndi kutentha thupi kwambiri pamodzi ndi kuuma thupi lonse, thukuta, kusokonezeka mutu. Kwathu kuno aliyense anganene kuti malungo amwe LA, ayi, kungakhale mankhwalawo ndipo kumapha. Asamwenso piritsi lina, pitani nawo pompo ndipo mukanene dzina la mankhwala omwe akumwa.

Phiri_wa_Chinkhoma:
Ine ndifunseko mosabisa, amamwa mowa kapena kusuta chamba? Chifukwa msuweni wanga zinali chomwechi, mankhwala akumwa koma fodya akangogulitsidwa ali pa kachasu, nde tulo take tinali tosadzuka nato, chamba nacho chimangowabwezera kumbuyo. Titavutana naye pa nkhani yoiwala mapiritsi anamuika pa jakisoni wa Modecate wa pamwezi, mpaka pano amakabayitsa yekha pa njinga. Za asing'anga ine sindingawanyoze amayi anu, akufuna mwana wawo achire, koma zakumwa za m'botolo zosadziwika kuphatikiza ndi mapiritsi amenewa ayi.

Mai_a_Tadala:
Ine ndikuyankha ngati mwini wake wa matenda, anga ndi a bipolar, aja oti nthawi ina uli m'mwamba osagona kuyankhula kosalekeza ndalama kumwaza, nthawi ina uli pansi osafuna kuona munthu. Achimwene anuwo muwamvetse, kukhala ndi dovu pagulu n'kochititsa manyazi kwabasi, munthu wamkulu ndi ana ake. Mukamangowauza kuti imwani imwani adzayamba kubisa mapiritsi pansi pa lilime n'kukalavula kuseri. Muwauze kuti tiyeni tikadandaule limodzi kuti akusinthireni, ndipo kumeneko muwasiye ayankhule okha zomwe zikuwasowetsa mtendere. Mapemphero ine ndimapita ndithu koma aliyense wondiuza kuti taya mankhwala usonyeze chikhulupiriro ndimangomuyang'ana.

Ndiponyepo ya amayi anzanga amene akuwerenga. Sodium valproate amene ena timapatsidwa amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndiye ngati mukuganiza zotenga pakati nenani msanga kuchipatala. Carbamazepine naye amafooketsa mapiritsi akulera ndi ka pamkono kaja, a zakulera adziwe zomwe mukumwa.

wa_ku_Santhe:
Zikomo kwambiri nonse. Mowa anasiya koma chamba sindingalumbire, pali anzawo ena amabwera madzulo. A Nachisale nanga tikapeza mankhwala atha kuchipatala timatani? Ndipo kodi sadzawatumiza ku Zomba? Amayi akuopa zimenezo kwambiri.

Nachisale_nesi:
Ku Zomba Mental Hospital amatumizako amene adwalika kwambiri moti sangasamalike pafupi, munthu woti akucheza ndi kudya bwino ngati achimwene anuwo nkhani yake ndi ya pa kiliniki basi, awuzeni amayi mtima ukhale m'malo. Ngati mungafune kuonana ndi ena kulinso a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Za kutha kwa mankhwala, muzipita kukatenga kukadali mapiritsi a sabata imodzi m'nyumba, akakhala kuti palibe afunseni akulembereni dzina ndi mlingo m'kabuku mukagule ku famase yovomerezeka, kapena akupatseni wina wolowa m'malo. Musagawane ndi a neba ngakhale mapiritsi akufanana mtundu, mamiligalamu amasiyana. Ndipo popita mutenge amayi akamve okha, nkhani ya chambayo mukainenenso.