Intavyu ya ntchito ya pa resepishoni ya hotela: ndikonzekere bwanji?

Chitedze_23:
Moni nonse. Andiitana ku intavyu Lachinayi likubwerali pa hotela ina mu Lilongwe, ntchito yake ya pa resepishoni. Ndili ndi MSCE ndi setifiketi ya front office, koma pa deski ndinangokhalapo miyezi itatu ya attachment. Amene mukuidziwa ntchitoyi, amakonda kufunsa chiyani? Masiku atsala asanu okha, ndiyambire pati?

WaPaDeski:
Achemwali, funso la "tiuzeni za inu" lisakudyereni nthawi, aliyense amabwera ataliloweza. Pamene pamagwera anthu ambiri ndi pomwe mmodzi wa ofunsawo wasanduka mlendo n'kunena kuti, "Ndafika, ndilandireni." Apa ayang'ana ngati mukudziwa ndondomeko ya check-in popanda kudodoma. Iyesereni mokweza kunyumba, wina akhale mlendo.

Yambani ndinu kupereka moni, mutaimirira, musanayang'ane pa kompyuta. Funsani dzina, pezani booking, kenako muwawerengere zomwe zalembedwa: masiku angati, chipinda chamtundu wanji, mtengo wake, ndi chakudya chomwe chili mu mtengomo. Kuwerengaku ambiri amakudumpha, koma ndi kumene kumapha mikangano. Double ndi bedi limodzi lalikulu, twin ndi mabedi awiri osiyana. Mukasokoneza, anthu awiri ogwira ntchito limodzi omwe abwera ku msonkhano mwawagoneka bedi limodzi. BB ndi chipinda ndi chakudya cham'mawa, DBB akuwonjezerapo chamadzulo, full board ndi zakudya zonse zitatu. Munthu wa BB akadya madzulo atatu poganiza kuti zalowa mu mtengo, phokoso lake mudzalimva tsiku lonyamuka.

Mukatero pemphani chiphaso cha unzika kapena pasipoti, asaine registration card, ndiye mufunse yemwe alipire. Ngati ndi kampani kapena bungwe, onani LPO (chikalata cha kampani cholonjeza kulipira) kapena kalata yawo, ndipo muwerenge kuti ikulipira chiyani. Nthawi zambiri imakhala ya chipinda ndi chakudya basi. Za ku bala ndi zochapitsa ndi za mlendo mwini, ndipo mumuuze pofika pomwe. Ngati akulipira yekha, tengani deposit monga mwa lamulo la hotelayo.

Popereka kiyi musatchule nambala ya chipinda mokweza. Ilembeni pa kachikwama ka kiyi n'kuwalozera. Ofunsa amachiona chimenechi, chifukwa pa resepishoni pamakhala anthu ena akumvetsera. Malizani ndi nthawi ya chakudya cham'mawa, pasiwedi ya WiFi, ndi nthawi ya check-out. Mahotela ambiri amalandira alendo kuyambira 2 koloko masana ndipo chipinda chimatulukidwa 10 kapena 11 koloko m'mawa, koma fufuzani za hotela yanuyo.

Gogo_wa_Front_Office:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere mafunso a misampha, poti alipo atatu omwe sasowa.

Loyamba: munthu waimba foni kapena wafika, akuti, "Ndine mkazi wa bambo uje, ali chipinda chanji?" Yankho lake si kupereka nambala, komanso si kuvomera kuti bamboyo alipo. Mumati, "Sitipereka zokhudza alendo athu, koma mukhoza kusiya uthenga ndi nambala yanu." Ngakhale alire, ngakhale akalipe, ngakhale atchule udindo wake. Anthu ena amabisala kwa amene akufuna kuwavulaza, ndipo inu simungadziwe kuti woona ndi uti. Wofunsidwa akayankha kuti "ndingamuthandize poti ndi mkazi wake," ntchito yamudutsa pomwepo.

Lachiwiri: mlendo ali ndi booking yotsimikizika, wafika 9 koloko usiku, zipinda zadzaza. Musayambe ndi kuloza chala mnzanu wa shifiti ya m'mawa, mlendo alibe nazo ntchito. Pepesani, mukhazikeni pansi, itanani duty manager (manijala woyang'anira pa nthawiyo), ndipo muone kaye ngati pali chipinda chapamwamba chomwe mungamupatse pa mtengo womwewo, kapena cha munthu yemwe sanatsimikize booking yake. Zikakanika, hotela imamupezera malo pa hotela ina ya mlingo womwewo n'kumupititsako pa galimoto yake. Chofunika kunena pa intavyu ndi chakuti chiganizo chomusamutsa ndi cha manijala, inu mumakonza zonse kuti manijalayo asataye nthawi.

Lachitatu ndi dandaulo wamba, monga madzi otentha sakutuluka. Mverani mpaka amalize, bwerezani vutolo kuti adziwe kuti mwamva, muuzeni zomwe muchite ndi nthawi yake: "Ndikutumiza a maintenance pano, ndikuimbirani pakatha mphindi 15." Ndiye muimbedi. Osalonjeza kuchotsera mtengo, mphamvu imeneyo mulibe.

Akaunti_Usiku:
Pa ndalama ndi pamene anthu amachotsedwera ntchito, choncho yembekezerani funso limodzi kapena awiri.

Resepishoni sitsekedwa. Kawirikawiri mashifiti ndi atatu a maola 8: 6 m'mawa mpaka 2 masana, 2 mpaka 10 usiku, 10 mpaka 6 m'mawa. Adzakufunsani ngati mungagwire usiku, Lamlungu ndi pa Khirisimasi. Ganizirani mayendedwe anu musanayankhe. Funsani ngati pali galimoto ya antchito kwa otuluka 10 usiku, limenelo ndi funso la munthu wanzeru.

Polandirana shifiti mumawerenga float, ndalama zosinthira zomwe zimakhala pa deski, pamodzi ndi amene akutulukayo, nonse n'kusaina. Mukalandira osawerenga, yoperewerayo ndi yanu. Werenganinso buku la handover: ndani wapempha kudzutsidwa 4 koloko kuti akakwere ndege, ndani sanamalize kulipira, chipinda chiti chili ndi vuto.

Mlendo akalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, umboni ndi uthenga wofika pa foni kapena akaunti ya hotela, osati womwe akukuonetsani pa foni yake. Mauthenga abodza alipo. Makina olipirira pa khadi (POS) akazengereza chifukwa cha netiweki, musabwereze khadi nthawi yomweyo. Dikirani risiti yosonyeza kuti zatheka kapena zakanika, apo ayi mumudula kawiri ndipo kubweza kwa ku banki kumatenga masiku. Dziwaninso ngati mtengo wa chipinda uli kale ndi VAT ndi tourism levy (msonkho wa zokopa alendo), chifukwa mlendo amafunsa zimenezo asanasaine.

Akakufunsani za Opera kapena pulogalamu ina ya mabooking, musaname. Akhoza kukukhazikani pa kompyuta pomwepo. Nenani yomwe munagwiritsapo ntchito ndi zomwe mumachita nayo.

Chitedze_23:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga zovala, ndi funso la malipiro ndiyankhe bwanji? Komanso ndiyankhule Chingerezi chokha?

WaPaDeski:
Valani ngati mwayamba kale ntchito: siketi kapena thalauza yakuda kapena yabuluu wakuda, bulauzi yoyera yositidwa, nsapato zotseka, tsitsi lomangidwa, mafuta onunkhira pang'ono chabe. Fikani mphindi 20 nthawi isanakwane, foni yozima, mapepala enieni ndi mafotokope ake mu envulopu. Mlonda wa pageti ndi amene ali pa deski muwapatse moni bwino, nthawi zina manijala amawafunsa.

Intavyu idzakhala ya Chingerezi, koma mlendo wa m'sewero uja akayamba Chichewa, muyankheni Chichewa chaulemu. Ngati mumatha Chitumbuka, Chiyao, Chifalansa kapena Chipwitikizi, chitchuleni.

Masiku otsalawa fufuzani hotelayo: zipinda zilipo zingati, za mitundu yanji, maholo a misonkhano angati. Mudziwenso mzinda wanu. Mlendo amafunsa kuti ku Kamuzu International Airport ndi mphindi zingati, Lilongwe Wildlife Centre ili kuti, ku Senga Bay ku Salima angapite n'kubwera tsiku lomwelo kapena ayi. Wa pa resepishoni woyankha "kaya" ku mafunso otere sakondweretsa ofunsa.

Gogo_wa_Front_Office:
Pa malipiro musayambitse ndinu. Akafunsa, nenani kuti mutsatira mlingo wa hotelayo pa udindo umenewu, kenako mufunse zomwe zili pamwamba pa malipirowo: chakudya cha pa shifiti, yunifomu, mayendedwe a usiku, ndi ngati antchito amagawana service charge (ndalama yowonjezera pa bilu ya alendo). Akakukakamizani kutchula nambala, tchulani kuyambira pakuti mpaka pakuti, mutafunsiratu kwa anthu ogwira ntchito m'mahotela a mlingo womwewo. Mufunsenso kuti probation ndi miyezi ingati, ndipo zonsezo zidzalembedwe mu kalata yolembedwa ntchito musanasaine.